Maiki yopanda waya ya m'chiuno ija: mawu ali bwino, nkhani ili pa mabatani

Anthu angapo akhala akundifunsa za seti ya maiki yopanda waya yomwe tikugwiritsa ntchito ku tchalitchi kwathu ku Chilomoni, yomweyonso ndimanyamula Loweruka popita m'maukwati ndi m'zinkhoswe, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengere yekha. Seti yake ndi ija ya UHF (dera la mafunde a wailesi lomwe imagwiritsa ntchito), lisiva imodzi yolandira mawu yokhala ndi timilongoti tiwiri kumbuyo ndi matransimita awiri otumiza mawu, ina ndi maiki ya m'manja, ina ndi kabokosi kokoleka pa lamba komwe umalumikizako kamaiki kakang'ono kopanira pa kolala, zonse zimadya mabatile awiri awiri a AA. Ndinagula ku Limbe mu shopu ina ya zamagetsi, dzina silofunika chifukwa maseti a mtundu umenewu ali mbwee m'tauni muno ndipo ambiri amangosiyana dzina lapamwamba, ukawayang'ana mabatani ndi menyu zimakhala pafupifupi chimodzimodzi. Mtengo sindilemba, chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja mtengo wake sukhazikika, lero uwu mawa wina, ndingakupusitseni.

Za mawu ndinene mwachangu chifukwa palibe zambiri, ndi oyera, abusa akumveka bwinobwino mpaka benchi lakumbuyo, kulibe kachiphokoso ka shhh kaja komwe tinazolowera pa maseti akale a VHF. Pa ndalama yake ndi katundu wabwino ndipo sindikudandaula kuti ndinagula. Koma chomwe ndikufuna muchidziwe musanatulutse ndalama ndi chakuti kabokosi kam'chiunoka kali ndi mabatani ochepa kwambiri ogwira ntchito zambiri, ndipo amene amakavala si inu a ku mikisa, makina osakanizira mawu aja, ndi abusa, ndi MC, ndi amayi a Mvano, anthu omwe ntchito yawo ndi kuyankhula osati kuloweza mabatani. Mavuto onse omwe ndakumana nawo ndi setiyi achokera pamenepo basi.

Tiyambe ndi batani la pamwamba lija loyatsira. Amene anapanga setiyi anaganiza zoti batani limodzi lomwelo likhale loyatsira, lozimitsira komanso la mute, kutseka mawu osazimitsa kabokosi. Ukalidina kamodzi mwachangu ndi mute, kanyali kamasintha kuchoka ku girini kupita kofiira, ukalidina n'kugwira kwa masekondi ngati awiri kabokosi kamazimiratu. Pa pepala zikumveka zanzeru koma pa ntchito ndi chinthu chomwe chimandikwiyitsa kuposa zonse. Munthu wavala mkanjo kapena jekete, kabokosi kali kumsana, sakukaona, akungopapasa ndi dzanja, ndiye mukufuna adziwe bwanji kuti wadina theka la sekondi kapena masekondi awiri? Mkulu wa mpingo wina kwathu, bambo achikulire aulemu wawo, anafuna kuchotsa mute kuti ayambe pemphero la chopereka, chala chinakhalitsa pa batani, kabokosi kanazima. Iwo osadziwa anayamba kupemphera, mpingo wonse maso otseka, mawu osamveka, ine ku mikisa ndikuona siginolo yapita ziro koma sindingathamange kukafika ku gome pakati pa pemphero. Titaweruka anandipeza n'kundifunsa kuti, mwana wanga kodi chinthuchi chafa? Ndinati ayi bambo, sichinafe, batani lake ndi lovuta, vuto si lanu. Ndipo ndimanenetsa, vuto silinali lawo. Ma transimita okwera mtengo ambiri amakhala ndi switchi ya mute yapayokha yokankha uku ndi uku, yoti ngakhale mumdima chala chimadziwa kuti ili mbali iti. Iyi ilibe, ndipo ndikanakonda akanachotsa zina zonse za pa menyu n'kutipatsa ka switchi kameneko.

Chinanso dziwani kuti kuzimitsa ndi mute si chinthu chimodzi. Pa mute transimita imakhala ikutumizabe siginolo ku lisiva, mawu okha ndi omwe atsekedwa, ndiye ukachotsa mute mawu amabwera nthawi yomweyo. Ukazimitsa, pamafunika masekondi angapo kuti kayake n'kulumikizananso ndi lisiva, mawu oyambirira amatayika, MC amayamba zija za halo halo uku akumenya maiki ndi dzanja. Komanso transimita ikazima lisiva imatsala yokha pa frikwensi yopanda mwini, ndiye chilichonse chomwe chadutsa pamenepo ikhoza kuchitola n'kuchiponya m'masipika. Setiyi ili ndi pilot tone, kamawu kapamwamba kwambiri koti khutu silimva komwe transimita imatumiza kuti lisiva izindikire kuti uyu ndi wanga, kakasowa lisiva imatseka pakamwa yokha. Zimagwira bwino ndithu, koma onetsetsani kuti pa menyu ya lisiva yayatsidwa, yanga inabwera ili off.

Ndiye njira yomwe ndinapeza ndi lock. Ili mkati mwa menyu, umadina SET n'kugwira mpaka sikilini iyambe kuphethira, kenako umayenda ndi timabatani ta mivi tija mpaka upeze pomwe palembedwa LOCK. Pa yangayi pali mitundu iwiri, ina imangotseka menyu kuti munthu asasinthe tchanelo ndi gain, ina imatseka zonse kuphatikizapo batani loyatsira lija. Ine ndimatseka zonse, kabokosi ndimakayatsa ndekha mapemphero asanayambe, ndimakakoleka ndekha, ndipo mute ndimapangira ku mikisa. Ndimawauza abusa kuti, abusa musagwire kalikonse, mukaimirira mawu abwera, mukakhala pansi ndikutsekerani. Koma apa pali udindo waukulu abale, chifukwa ukatenga mute m'manja mwa munthu ndiye kuti ulemu wake uli m'manja mwako. Maiki yapakolala siidziwa kuti munthu watuluka panja, akamanong'onezana ndi mlembi wa mpingo nkhani za anthu kapena akapita kukadzithandiza, lisiva imamvabe bola ali pafupi. Wa ku mikisa asamakhale pa foni, maso akhale pa munthu amene wavala maiki nthawi zonse. Kwa ma MC a m'maukwati ndimasiya lock ya menyu yokha chifukwa iwo amayendayenda kwambiri ndipo amafuna kutseka okha akamafunsana ndi ankhoswe za ndondomeko, koma ndimawaphunzitsa kaye kudina kwake kawiri katatu holo isanadzaze.

Tsopano gain, apa ndiye pomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa anthu ambiri mu Blantyre muno amanyoza maiki yabwinobwino kuti ndi feki pomwe vuto ndi ili. Gain ya pa transimita si voliyumu. Ndi muyeso wa mphamvu yomwe mawu akulowa nayo mu kabokosi asanatumizidwe m'mwamba. Ikakwera kwambiri, munthu akakuwa mawu amang'ambikira mkati mwa kabokosi momwemo, ndipo amafika ku lisiva ali ong'ambika kale. Utha kutsitsa fader, kokwezera ndi kutsitsira mawu ka pa mikisa, mmene ungathere, amangotsika koma akadali ong'ambika, nsima ikapserera pamoto ngakhale uyipakulire m'mbale yokongola fungo silichoka. Ikatsika kwambiri nayonso ndi vuto, umakakamizika kukweza ku mikisa ndipo pamodzi ndi mawu umakwezanso ka shhh ka pansi kaja. Setiyi inabwera gain ili pamwamba, mwina ku fakitale amaganiza za munthu woyankhula mofatsa mu ofesi, sanaganize za mlaliki wa ku Ndirande amene wafika pachimake pa uthenga kapena MC wa perekani-perekani akuitana akuchimuna kuti abwere ndi ma K5,000. Pa yanga gain imayenda ndi ma dB, ndipo kumbukirani kuti kutsitsa ndi 6 dB ndi kudula siginolo ndi theka, ndiye osangodumpha kwambiri, tsitsani pang'onopang'ono.

Mmene ndimapangira ndi chonchi, ndimamuveka munthu maiki pamalo pomwe ikhale, pachifuwa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, kenako ndimamupempha kuti ayankhule mokweza ngati mmene adzachitire zinthu zikatentha, osati zija za wani thuu wani thuu zonong'ona. Anthu amachita manyazi holo ikakhala yopanda anthu ndiye ndimawauza kuti aimbe kolasi kapena akuwe Aleluya ndi mphamvu zonse. Maso anga amakhala pa mita ya AF pa lisiva, yoonetsa mphamvu ya mawu, ikamagunda pofiira ndimatsitsa gain pa kabokosi mpaka pofiirapo pazingophethira mwa apo ndi apo pa mawu okwera kwambiri okha. Zikatero ndiye ndimapita ku mikisa. Chodandaulitsa ndi chakuti gain anaibisa mkati mwa menyu, sitepe yachitatu, ndiye mapemphero akayamba n'kupeza kuti mlendo amene wabwera kudzalalikira ali ndi mawu amphamvu kuposa abusa athu, palibe chomwe ungachite kufikira atakhala pansi. Chifukwa chake tsopano ndimasiya malo, ndimatsitsako pang'ono kuposa pomwe ndayezera.

Pafupi ndi gain pali pena posankha MIC kapena LINE, pena amalemba INST. Mukalumikiza kamaiki kapakolala ikhale pa MIC. Mukafuna kutumiza mawu a kiyibodi kapena kuchokera pa mikisa kupita ku sipika ya panja, ikhale pa LINE, apo ayi mawu aphwanyika kuyambira pachiyambi chifukwa siginolo ya kiyibodi ndi yamphamvu kwambiri kuyerekeza ndi ya maiki. Ichi ndi chinthu chimodzi chomwe ndachikonda kwambiri pa setiyi, pa maliro kapena pa msonkhano anthu akasefukira panja ndimachotsa kamaiki, ndimalumikiza kabokosi ku aux, potulukira mawu papadera pa mikisa, lisiva ndimakaika pa sipika ya panja pansi pa tenti, basi palibe kukoka waya wautali woti anthu azipunthwa nawo. Jeki yake ndi ya 3.5mm yokhala ndi kolimbitsira kopota, potani mpaka ilimbe, ikakhala yolendewera ndi yomwe imachita phokoso la kwerekwere munthu akamayenda. Ndipo timaiki ta pa foni tija ta mizere itatu pa jeki sitigwira pamenepa, iyi imafuna ya mizere iwiri, musavutike kugula ta pamsika poganiza kuti mwapeza sipeya.

Mabatile. Bokosi limalonjeza maola ambirimbiri koma zimatengera batile lomwe mwaikamo. Mabatile otchipa aja a pa kaunjika wa m'misika olembedwa heavy duty ndi a zinc carbon, ndi a wotchi yapakhoma ndi limoti, mu transimita sachedwa kugwa ndipo akayamba kufooka mawu amayamba kudukaduka mtunda womwe dzana unali bwinobwino. Alkaline weniweni amanditengera mapemphero onse awiri a Lamulungu, a Chingerezi m'mawa ndi a Chichewa, n'kutsalako ya kwaya masana. Koma kugula alkaline sabata ndi sabata ndalama yake ndi yowawa, ndiye tinapita ku otchaja a NiMH, ndipo apa pali batani lina lomwe anthu saliona n'komwe. Pa menyu pali posankha mtundu wa batile. Alkaline amayamba ndi 1.5V n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kutha, pomwe NiMH ndi 1.2V ndipo amakhala pomwepo nthawi yaitali kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. Ndiye mukaika otchaja koma menyu ikadali pa alkaline, kamita ka pa sikilini kamakunamizani, batile lodzadza kamalionetsa ngati latha theka, limakhala choncho maola ambiri mpaka mumazolowera, kenako mwadzidzidzi kabokosi kazima pakati pa malumbiro a ukwati. Sinthani pamenepo kuti mita izinena zoona.

Pogula otchaja samalani ndi manambala. AA wa NiMH weniweni amakhala pakati pa 2000 ndi 2500 mAh, okwera kwambiri amafika cha m'ma 2800, mukaona alemba 4000 kapena kuposa apo dziwani kuti ndi bodza la pa chikuto, ndipo mukawanyamula mumamva kuti ndi opepuka. Osasakaniza latsopano ndi lakale, kapena alkaline ndi lotchaja, mu kabokosi kamodzi. Ine ndinalemba manambala ndi maka pa mabatile awiri awiri kuti aziyendera limodzi, kutchaja limodzi kugwira ntchito limodzi. Ndipo chonde chonde, kuli mabatile ena a lithium a m'matochi otchedwa 14500, kukula kwake ndi chimodzimodzi ndi AA ndipo amalowa bwinobwino, koma ndi 3.7V lililonse, mukaika awiri mwaotcha kabokosi. Mukamaliza ntchito chotsani mabatile, makamaka alkaline, akakhalitsa mkati amatuluka zoyera zija zimadya timasipuling'i. Kachitseko ka mabatile pa setiyi ndi kapulasitiki kopyapyala, sikandipatsa chikhulupiriro, ndimatsegula ndekha sindilola aliyense. Ubwino wa AA ndi woti magetsi akazima usiku wonse osatchaja, m'mawa umangodutsa pa golosale n'kugula alkaline ntchito n'kupitirira, pomwe zija za batile lomangiriramo mkati zikatha zatha, umangodikira. Koma musaiwale kuti lisiva yokha imafuna magetsi, ikhale pa invata kapena pa jenereta pamodzi ndi mikisa.

Za matchanelo sizovuta ngati mmene anthu amaziopera, bola kutsata ndondomeko yake. Scan, kufufuza frikwensi yomwe palibe akuigwiritsa ntchito, imachitikira pa lisiva osati pa transimita, ndipo pochita scan transimita yanu ikhale yozima, apo ayi lisiva imaiona ngati mlendo amene watenga kale malo n'kuithawa. Ikapeza frikwensi yoyera mumayatsa transimita, mumatsegula kachitseko ka mabatile chifukwa kadiso ka infrared kali mkati mwakemo, mumakayang'anitsa ku kadiso ka pa lisiva pafupi ngati chikhatho chimodzi, n'kudina SYNC. Manambala a pa masikilini awiriwo akafanana ndiye kuti zatheka. Padzuwa lamphamvu infrared imavuta, tchingani ndi dzanja kapena lowani m'nyumba. Pochita scan ya maiki yachiwiri, yoyamba ija isiyeni yoyaka kuti lisiva iidziwe n'kuitalikira. Matransimita awiri sangakhale pa frikwensi imodzi, mukatero mumva kulira ndi kukokana kwa mawu, palibe amene amveke bwino.

Chifukwa chomwe scan ili yofunika kuchita pamalo pomwe mwafika osati kunyumba ndi chakuti m'mwambamu simuli nokha. Ma maiki a UHF ambiri amagwira ntchito m'dera lomwelo la TV, kuyambira 470 mpaka 694 MHz, ndipo tchanelo imodzi ya TV imatenga 8 MHz yonse. Chiyambireni TV ya digito, ma Kiliye Kiliye aja, siginolo yake pa lisiva ya maiki siimveka ngati mawu a munthu, imangokhala phokoso lomwe limafupikitsa mtunda wanu osadziwa chifukwa chake. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, ndiye frikwensi yomwe ili yoyera ku Chilomoni ikhoza kukhala yodzadza mukafika ku Bangwe kapena ku Chichiri. Onjezerani kuti Lamulungu m'mawa m'makomboni mwathumu matchalitchi amakhala moyandikana, ena m'makalasi a pa sukulu imodzi, onse ndi maseti ofanana ogula ku Limbe komweko, onse ali pa tchanelo 1 momwe anabwerera mu bokosi. Zomamva ulaliki wa mpingo woyandikana nawo ukutuluka m'masipika anu zimachokera pamenepo, si zamizimu ayi. Mukagula seti yakale ya pa kaunjika yang'anani manambala kumbuyo, zija za 700 ndi 800 MHz zili m'dera lomwe m'maiko ambiri linaperekedwa ku ma netiweki a foni. Amene amayang'anira ma frikwensi m'dziko muno ndi a MACRA, ngati mukugula zambiri za kampani kapena za holo yaikulu ndi bwino kuwafunsa kaye.

Pa menyu palinso RF power, mphamvu yotumizira siginolo, LO ndi HI, pa yanga ndi 10 mW ndi 30 mW. Aliyense amathamangira HI poganiza kuti yambiri ndiye yabwino. M'tchalitchi momwe lisiva ikuonana ndi gome LO imakwana, batile limakhalitsa, ndipo ma maiki awiri sasokonezana. HI ndimaiyatsa pa ukwati wa panja pomwe MC amakafika ku geti kukalandira akwati. Mamita 100 omwe analemba pa bokosi ndi a pabwalo lopanda kanthu ngati pa Njamba m'mawa kulibe anthu, m'holo yodzadza musayembekezere zimenezo chifukwa thupi la munthu ndi madzi ambiri ndipo limamwa siginolo. Mukaona mawu akudukaduka musanathamangire HI kwezani kaye lisiva, ichotseni pansi pa tebulo kapena kuseri kwa ampu, ikhale pamwamba kuposa mitu ya anthu, timilongoti mutatitambasula ngati chilembo cha V.

Kamlongoti ka pa kabokosi, kawaya kofewa kaja, nakonso ndi gawo la ntchito. Utali wake sanangoupeka, pa 600 MHz funde limodzi ndi masentimita 50 ndipo kamlongoti kamakhala gawo limodzi la magawo anayi a pamenepo, ndiye masentimita 12 ndi theka. Mukakapinda, kukakulunga ndi waya wa maiki kapena kukakanikizira m'thumba la thalauza pamodzi ndi makiyi ndi foni, mwadula mtunda ndi manja anu. Kalendewere mowongoka ndipo kasagunde khungu, thukuta la mu Okutobala limatsitsa siginolo komanso limalowa pa jeki. Kwa amayi ovala chitenje opanda lamba ndimawapempha amayi anzawo kuti awathandize kukoleka kumbuyo pa mpindiro wa chitenje, pamwamba pa bulauzi, kamlongoti kali panja. Kokolekera kake ndi kachitsulo kolimba bwino, apa ndiwayamikire, sikanagwepo ngakhale pa magule a perekani-perekani. Pa maiki ya m'manja mlongoti uli kumunsi kwa chogwirira, ndiye oimba aja okonda kugwira kumapeto kwenikweni amautseka ndi chikhatho, ndipo aja ofumbata kumutu amaitana kulira kwa masipika, pogwira ndi pakati.

Squelch, yomwe imatseka mawu siginolo ikafooka, ili pa lisiva, ndingoti musaikweze kwambiri pofuna kuthetsa phokoso chifukwa ikakwera mtunda umafupika, munthu akangopita patali pang'ono lisiva imamutsekera. Isiyeni pakati, phokoso likapitirira sinthani tchanelo. Low cut ya pa kabokosi ndimaiyatsa nthawi zonse pa mawu oyankhula, imachotsa kugunda kwa pansi kwa mphepo ndi kukhula kwa jekete, makamaka nthawi ya chiperoni mukakhala panja. Pa kiyibodi izimitseni, idya bezi.

Ena afunsa kuti bwanji osangogula timaiki tating'ono tija topanira pa malaya ta 2.4 GHz tomwe achinyamata akujambulira mavidiyo a TikTok ndi Facebook. Timeneto ndi tabwino pa ntchito yake, palibe scan palibe menyu, umangotulutsa mu kabokosi kake n'kulumikiza ku foni. Koma 2.4 GHz ndi msewu womwewo wa WiFi ndi Bluetooth, m'holo ya anthu mazana aliyense foni m'manja ena atayatsa hotspot timaikito timavutika, ndipo munthu akangotembenuka kukupatsa msana mawu amatha kuduka. Pojambula munthu m'modzi pafupi tengani timeneto. Pa tchalitchi ndi pa ukwati ine ndikhalabe pa UHF.

Za ku shopu komwe ndinagula, anyamata ake anali aulemu ndipo anandilola kuyesa ndisanalipire, koma kuyesa kwawo ndi kuyatsa n'kunena halo basi, za menyu sankazidziwa, ndipo kabuku ka malangizo ndi kapepala kamodzi ka zilembo zing'onozing'ono ka Chingerezi chovuta kumva. Ndinamufunsa m'modzi kuti, achimwene lock yake ili pati? Anayankha moona mtima kuti bwana zimenezo mukaonere kunyumba. Sindikuwada, amagulitsa zinthu zambirimbiri kuyambira ma ayironi mpaka ma sola, koma zikutanthauza kuti ntchito yofufuza ndi yanu. Pitani ndi mabatile anu a alkaline. Yang'anani ngati ma frikwensi amasinthika, chifukwa kuli maseti ena ooneka chimodzimodzi, sikilini ndi manambala zilipo, koma ndi a frikwensi imodzi yokhazikika, tsiku lomwe mwagundana ndi oyandikana nawo mulibe kothawira. Dinani mivi muone ngati manambala akusinthadi ndipo lisiva ikutaya siginolo mukasintha mbali imodzi yokha. Pezani gain, pezani lock, pezani posankha mtundu wa batile, chimodzi mwa zitatuzi chikasowa ine ndingakuuzeni kuti isiyeni. Kenako mnzanu avale kabokosi atuluke nako panja pa shopu ayende m'khonde uku akuyankhula, inu mutsale pa lisiva mukumvetsera ndi kuyang'ana mita ya RF yoonetsa mphamvu ya siginolo, ndipo agwedeze waya wa kamaiki pafupi ndi jeki chifukwa ndi pomwe pamayamba kuduka. Funsaninso ngati ali ndi timaiki tapakolala ta sipeya ta jeki yomweyo ndipo gulani kamodzi nthawi yomweyo, katundu wa mtundu umenewu akatha m'shopu obwera pambuyo pake nthawi zambiri amakhala a jeki ina.